Mpira wathu: kumene wachokera ndi kumene ungatifikitse

A mfumu athu, a patroni ndi a matroni a makalabu, aphunzitsi athu, makolo, ndi inu achinyamata anzanga, zikomo pondipatsa mpata woyankhula mpira usanayambe. Ndiyankhula m'Chichewa chifukwa pano pa Chikangawa ndife osakanikirana. Ena ndife a konkuno ku Mzimba, ena makolo athu anabwera kudzagwira ntchito ya matabwa kuchokera kutali. Ndikudziwa kuti kukuzizira ndipo osewera akufuna kulowa m'bwalo, choncho ndipempha makutu anu kanthawi kochepa chabe.

Tsiku lina ku kalabu yathu ndinafunsa anyamata kuti, "Kodi mukadzakula mukufuna kudzagwira ntchito yanji?" Ambiri anayankha kuti akufuna kudzasewera mpira wolipidwa, makamaka ku Joni. Ndinawafunsanso kuti, "Nanga wosewera mpira wolipidwa ndi wotani? Amasiyana bwanji ndi ife amene timasewera bonanza n'kupata mbuzi?" Panali zii. Nanenso sindinkadziwa bwino. Ndiye ndinapita kukafunsa akuluakulu ndi kuwerenga, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndabwera nazo lero.

Mpira unayamba ngati masewera chabe

Malamulo a mpira wa miyendo umene tikusewerawu analembedwa ku England m'chaka cha 1863. Poyamba eni akewo ankati munthu wosewera mpira asalandire ndalama, azingosewera chifukwa choukonda. Zinali zosavuta kwa ana a anthu olemera. Koma anyamata ogwira ntchito m'mafakitale akajomba kuntchito chifukwa cha mpira ankadulidwa malipiro. Eni mafakitale ena anayamba kulipira osewera mobisa, kapena kuwalemba ntchito yopepuka kuti azisewerera timu yawo. Mkangano unakula mpaka mu 1885 pamene bungwe la mpira kumeneko linavomereza kuti wosewera akhoza kulipidwa. Mu 1888 anayambitsa ligi yoyamba. Musaiwale nkhani ya mafakitaleyi, chifukwa muona kuti kuno kwathu zinayendanso chimodzimodzi.

Kuno ku Nyasaland mpira unafika ndi amishoni, asilikali ndi azungu a boma la atsamunda. Ife a kumpoto tikudziwa mishoni ya Livingstonia, imene inayamba mu 1875 ku Cape Maclear, n'kusamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Inatsegulanso masiteshoni ku Ekwendeni ndi ku Embangweni kuno ku Mzimba. Sukulu za mishoni ndi zimene zinafalitsa mpira m'midzi, chifukwa mphunzitsi akamaliza maphunziro ake n'kutumizidwa kukatsegula sukulu kumudzi, ankapita ndi masewera amene anaphunzira. Agogo athu amene ankapita kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia anakaupezanso kumeneko, ndipo pobwerera ankabwera nawo.

Masiku amenewo azungu anali ndi makalabu awoawo ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Zomba, anthu akuda nawonso matimu awo. Osewera ambiri akuda ankasewera chosavala nsapato. Panalibe malipiro. Ndipo titayamba kukumana ndi maiko ena, zinali zowawa. Mu 1962, dziko lino lisanalandire ufulu, timu ya Ghana inatithira zigoli 12 kwa duu. Mpaka lero sitinagonjepo ndi zigoli zochuluka kuposa pamenepa.

Nthawi ya matimu a makampani

Titalandira ufulu mu 1964, bungwe la Football Association of Malawi, lija timangoti FAM, linakhazikitsidwa mu 1966. Matimu awiri amene mumakanganirana tsiku ndi tsiku aja ndi a nthawi yomweyo. Wanderers inayamba mu 1962, ndipo Bullets inayamba mu 1967 pamene osewera ena anapatuka ku Wanderers. Choncho inu a Manoma ndi inu a Maule ndinu pachibale, musamatukwanane kwambiri.

Tsono tamverani maina a matimu a nthawi imeneyo: Bata Bullets, Yamaha Wanderers imene inadzakhala Limbe Leaf Wanderers, ADMARC Tigers, Hardware Stars, MDC United. Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Civo United inali ya ogwira ntchito m'boma, Blue Eagles ya apolisi, Red Lions ya asilikali a ku Zomba, ndipo ku Mzuzu kuli Moyale Barracks ya asilikalinso. Mwaona? Pafupifupi timu iliyonse inali ndi dzina la kampani kapena nthambi ya boma. Mnyamata akakhala katswiri, kampani inkamulemba ntchito yaukalaliki, yoyendetsa galimoto kapena ya m'sitolo. M'mawa ali kuntchito, masana ali ku maphunziro a mpira, Loweruka ali m'bwalo. Malipiro ake a pamwezi anali a ntchito ija, osati a mpira. Akapambana ankalandira kabonasi. Anali asanafike pa mpira wolipidwa weniweni, koma analinso atachoka pa mpira wongosangalala.

Musawapeputse akuluakulu amenewa. Ndi iwowo amene anatibweretsera chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, atagonjetsa Zambia 3 kwa 2 mu ndime yomaliza kuno kumudzi. Mu 1979 anakachitenganso ku Kenya. Mphunzitsi wawo anali Ted Powell wa ku England, ndipo wogoletsa wamkulu anali Kinnah Phiri, amene anamwetsera dziko lino zigoli 71. Mu 1984 Flames inapita koyamba ku chikho cha Africa ku Ivory Coast. Inalepherana ndi Nigeria 2 kwa 2, koma inagonja kwa Ghana, komanso kwa Algeria 3 kwa 0. Mu 1987 inatenga mendulo ya nambala 3 pa masewera a All-Africa Games ku Nairobi, ndipo mu 1988 inatenganso chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa kachitatu. Mufunse agogo anu za Young Chimodzi, Jack Chamangwana ndi Lawrence Waya, muona nkhope zawo zikuwala.

Mu 1986 kunayamba Super League, ligi ya dziko lonse, ndipo Bata Bullets ndi imene inayamba kuitenga. Kale matimu ankasewera ligi m'zigawo zawo basi.

Koma dongosolo la makampanili linali ndi vuto lake. Timu inkakhala ndi moyo pokhapokha kampani ikamafuna. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri a boma anagulitsidwa, ena anachepetsa ndalama zamasewero. MDC United inatha. Hardware Stars inatha. ESCOM United, imene inatenga ligi mu 2007, lero simuimvanso mu Super League. Bullets yokha yasintha maina kangapo malinga ndi amene akuithandiza: Bata, Total, Bakili, Nyasa. Ili Bakili Bullets mu 2004 inafika mu ndime ya m'magulu ya CAF Champions League, koma thandizo lija litatha inavutika zaka zingapo. Wothandiza akachoka, wovutika woyamba amakhala wosewera, makamaka amene analibe pepala la sukulu kapena luso lina la manja.

Njira ya ku Joni

Ife a ku Mzimba nkhani ya ku Joni sitichita kuuzidwa. Palibe mudzi umene ulibe mwana kumeneko. Osewera mpira nawonso anadzera njira yomweyo. M'zaka za m'ma 1980 dziko la South Africa linali loletsedwa ndi FIFA chifukwa cha tsankho, ndipo wosewera wopita kumeneko ankadziika pa chiopsezo choletsedwa kusewerera dziko lake. Ernest Mtawali anapitabe, n'kumasewera ndi dzina lina loti Ernest Chirwali ku Bloemfontein Celtic, kenako ku Mamelodi Sundowns. Pambuyo pake anakasewera ku Argentina ndi ku Toulouse ku France. South Africa itabwezeretsedwa mu FIFA mu 1992, khomo linatseguka poyera. John Maduka anapita, Patrick Mabedi anakafika pokhala kaputeni wa Kaizer Chiefs, Esau Kanyenda anadzera ku Jomo Cosmos n'kukafika ku Rostov ku Russia mu 2003.

Osewera amenewa ndi amene anaonetsa a Malawi kuti mpira ukhoza kukhala ntchito yodyetsa banja. Mu 2008 Flames inagonjetsa Egypt, akatswiri a Africa nthawi imeneyo, 1 kwa 0 ku Blantyre ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya. Pa 11 January 2010 ku Angola, Kinnah Phiri ali mphunzitsi, tinabwezera Algeria 3 kwa 0 yomwe ija ya 1984. Omwetsa anali Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Ine ndinali mwana wamng'ono, ndimangomva bambo anga akusimba kuti usiku umenewo anthu sanagone.

Chimene ndinaona ndi maso anga ndi cha pa 25 January 2022. Tinadzazana m'kanyumba koonetsera kanema, ena atakhala pansi, ena akusuzumira pawindo. Flames inali itafika koyamba mu ndime ya matimu 16 pa chikho cha Africa ku Cameroon, itagonjetsa Zimbabwe 2 kwa 1 ndi kulepherana ndi Senegal 0 kwa 0. Patangotha mphindi zochepa Gabadinho Mhango anamenya mpira ali kutali kwambiri, n'kudutsa pamwamba pa goloboyi wa Morocco. Mabenchi anagwa! Tinagonja 2 kwa 1, koma dziko lonse lapansi linaona chigoli chimenecho. Gabadinho anabadwira ku Chiweta ku Rumphi, kumpoto konkuno. Mu 2020 ali ku Orlando Pirates anali m'modzi mwa awiri omwetsa zigoli zambiri mu ligi ya South Africa, zigoli 16.

Atsikana, nkhaniyi ndi yanunso

Ndikuona asungwana ena akhala kumbuyo uko ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Tamverani. M'Malawi amene wafika patali kwambiri pa mpira mpaka pano si mwamuna ayi. Tabitha Chawinga, wa ku Rumphi, anapita ku Sweden mu 2014, kenako ku China. Mu 2023 ali ku Inter Milan anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya ku Italy, ndipo mu 2024 ali ku Paris Saint-Germain anachitanso chimodzimodzi ku France. Mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current mu 2024, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse ya ku America. Mu 2023 timu yathu ya amayi, Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2 kwa 1. Tsono makolo amene mumati mwana wamkazi akamenya mpira ndiye kuti walowerera, mukaganizirenso. Ndipo inu anyamata, bwalo ili si lanu nokha. Atsikana apatsidwe tsiku lawo ndi mpira wawo.

Nanga ife a kumpoto tili pati?

Apa ndiyankhula mosabisa. Kuyambira 1986 mpaka 2024 palibe timu ya kumpoto imene inatengapo Super League. Luso tili nalo, umboni wake ndi maina ndatchulawa. Chimene chimasowa ndi ndalama. Makampani akuluakulu ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Timu ya kuno ikakwera ligi yaikulu imayenera kuyenda maulendo ataliatali, kulipira basi, malo ogona ndi chakudya, pamene ndalama za pachipata ndi zochepa. Moyale imalimba chifukwa osewera ake ambiri ndi asilikali a pa malipiro. Matimu monga Karonga United ndi Chitipa United akhala akulimbana ndi mavuto a zachuma, ndipo Embangweni United ya kuno kwathu inafikapo mu Super League koma siinakhalitse. Mnyamata akangoonetsa luso, matimu akuluakulu amamutenga. Sitingamudzudzule, nayenso akufuna kudya.

Masiku ano FAM imafuna kuti timu ya mu ligi yaikulu ikhale ndi chiphaso, makontilakiti olembedwa a osewera, mphunzitsi wa mapepala ndiponso timu ya achisodzera. Ndi chiyambi chabwino. Komabe mumamva nokha pa wailesi osewera akudandaula kuti miyezi yadutsa osalandira kanthu. Ndiye kuti ulendo wochoka ku mpira wongosangalala kupita ku mpira wolipidwa sunathe kuno kwathu. Tili pakati panjira.

Wosewera wolipidwa ndi ndani?

Tibwerere ku funso lija. Malamulo a FIFA amati wosewera wolipidwa ndi amene ali ndi kontilakiti yolembedwa ndi timu yake, ndipo amalandira ndalama zoposa zimene iye amawononga chifukwa cha mpirawo. Wina aliyense ndi wongosewera chabe, ngakhale atavala jezi yokongola bwanji. Munthu akakulonjezani pakamwa, akakugulirani nsapato ndi sopo, simunalembedwe ntchito. Tsiku limene bondo lidzathyoke, nsapato zija adzapereka kwa wina.

Ndikunena izi chifukwa zinachitika pakhomo pathu. Msuweni wanga anali womwetsa zigoli wabwino kuposa tonse amene tili pano. Ali Fomu 3, kunabwera bambo wina wovala bwino amene anaonerera bonanza, n'kunena kuti ndi ejenti ndipo ali ndi timu ku Joni imene ikufuna mnyamata ngati iyeyo. Anati pakufunika ndalama ya pasipoti, ya basi ndi ya kalata. Amalume anagulitsa ng'ombe. Msuweni wanga anasiya sukulu n'kumadikira tsiku lonyamuka. Bambo uja anatenga ndalama, anayankha foni kawiri, kachitatu nambala siinkapezekanso. Chaka cha sukulu chinapita, mnyamata anachita manyazi kubwerera m'kalasi ndi ana amene anali kumbuyo kwake. Lero amanyamula matabwa kwa ocheka m'nkhalangomu, ndipo mpira safuna n'kuuonera komwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife tinaziona nyererezo.

Tikanadziwa malamulo, ng'ombe ija bwenzi ilipo. Choncho gwirani zinthu izi, mukauzenso makolo kunyumba.

Choyamba, FIFA imaletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita kukasewera mpira kudziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga pamene makolo ake asamukira kumeneko pa nkhani zosakhudza mpira. Munthu akauza mnyamata wa zaka 16 kuti amupezera timu ku Joni mwezi wamawa, ameneyo ndi wabodza kapena akufuna kuswa lamulo.

Chachiwiri, ejenti weniweni amakhala ndi chiphaso cha FIFA, ndipo mukhoza kufunsa ku FAM kapena kwa akuluakulu a mpira a m'boma lathu ngati akumudziwa. Timu imene ikukufunadi imalemba kalata yodzera ku timu yako. Siyamba ndi kupempha ng'ombe ya amalume.

Chachitatu, musasayine pepala limene simunaliwerenge. Pitani nalo kwa aphunzitsi kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Muone kuti ndi la zaka zingati, malipiro ndi angati, ndipo mukavulala adzakulipirirani chipatala ndani. Kope imodzi ikhale yanu.

Chachinayi, musachepetse zaka. Ena amakuuzani kuti mulembetse zaka zabodza kuti mulowe timu ya ana. Zikadzadziwika, woletsedwa ndi wochita manyazi mudzakhala inu, osati amene anakunyengani.

Chachisanu ndi cha inu atsogoleri a matimu athu. Lembetsani matimu ndi osewera anu ku bungwe la mpira. Pali lamulo la FIFA lakuti wosewera akagulitsidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko lina, 5 peresenti ya ndalamazo igawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Koma ndalamayi imatsata zolembedwa. Ngati mwana anakulira pa bwalo lino koma dzina lake silinalembedwe paliponse, mudzangomuona pa kanema basi, osalandira ngakhale mpira umodzi.

Sukulu ndi mpira siziphana

Sindinabwere kudzakuletsani maloto. Inenso ndinayambira pa chikulunga cha mapepala a shuga, magolo ake miyala iwiri, ndipo mpaka lero ndikamva wezulo mtima umadumpha. Koma tiwerengere limodzi. Super League ili ndi matimu 16. Ngakhale timu iliyonse itakhala ndi osewera 30, onse pamodzi ndi 480 okha, m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni. Mwa amenewa, opita kunja ndi owerengeka. Ndipo amene wafikayo, akakwanitsa zaka 35 miyendo imayamba kukana, pamene moyo ukadali wautali ndipo ana akufuna fizi.

Mbiri imene ndakusimbiraniyi ikutiphunzitsa chinthu chimodzi. Osewera a nthawi ya Kinnah Phiri anali ndi ntchito pambali pa mpira, ndipo ambiri amene anapitiriza kukhala bwino atasiya kusewera ndi amene anali ndi china chogwira: uphunzitsi wa mpira, ntchito ya mu ofesi kapena bizinesi. Mpira wolipidwa wa lero ukufunanso anthu ena ambiri osati osewera okha. Ukufuna oyimbira, aphunzitsi a mapepala, osamalira ovulala, olemba nkhani, osunga ndalama za timu. Ntchito zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerenga ndi kulemba. Ngakhale kontilakiti ija imalembedwa m'Chingerezi. Amene wathawa sukulu chifukwa cha mpira, mpira womwewo udzamufunsa satifiketi.

Tsono pempho langa kwa makalabu athu ndi ili. Tigwirizane kuti wosewera wa msinkhu wa sukulu amene akujomba m'kalasi asavale jezi Loweruka. Tikhale ndi buku lolembamo maina ndi zaka zenizeni za osewera athu onse, anyamata ndi atsikana. Mlendo aliyense wobwera ndi malonjezo a ku Joni ayambe waonana ndi a patroni, a mfumu ndi makolo pamodzi, masana, anthu akuona. Ndipo amene mumacheza ndi msuweni wanga uja, ndithandizeni kumulimbikitsa. Mayeso a MSCE munthu amatha kulemba ngakhale atakula, ndipo timu yathu ya ana ikusowa mphunzitsi wodziwa kugoletsa ngati iyeyo.

Ndaona oyimbira ayang'ana wotchi kawiri. Osewera, lowani m'bwalo, sewerani mwaulemu, wogonja agwire chanza wopambana.